Wakuba Intaneti ya Alimi

Lachisanu limenelo Ezeliya anali asanatsegule n'komwe zenera la kashopu kake kokonzeramo mafoni pamene Dorcas, mlembi wa kopaletivu ya alimi, anatulukira akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Asisi, siyani zimenezo, tiyeni ku ofesi. A Rodwell awakhazika pansi."

"Alakwanji?"

"Akuti akumagulitsa intaneti."

Ezeliya anafuna kuseka, koma nkhope ya Dorcas sinali ya nthabwala. A Rodwell anali mlonda wa ofesiyo, mkulu wa imvi mutu wonse, wochokera ku Phalombe. Anabwera kuno kalekale kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, esiteti n'kutha, iwo n'kutsala ngati chitsa m'munda. Analibe munda, analibe mbale. Chawo chinali kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa ofesi, kamene bungwe la ku tauni lothandiza kopaletivuyo linawapatsa pamodzi ndi ntchito. M'menemo munkagona mkazi wawo, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ndiye munthu wosadziwa kulemba dzina lake lomwe, ati akugulitsa intaneti! Koma pa Chakhwima, kamalo ka malonda kupitirira Kabudula, chinthu chikasowa maso amayambira pa wobwera.

Anapeza khonde la ofesi litadzaza alimi, aliyense chiphaso chake m'manja. A Rodwell anakhala pansi pa simenti, chipewa chili pa bondo. Pakhomo panaima wapampando, a Henderson, amene onse ankangowatchula kuti a Tcheya. Anali atavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuwotcha.

"Mayi Ezeliya, ine sindikonda zolankhulalankhula," anayamba motero, monga ankayambira nthawi zonse akafuna kulankhula mpaka anthu kuyasamula. "Mayina a alimi oposa mazana atatu akufunika afike ku tauni lero isanakwane folo koloko. Akapanda kufika, mbewu ndi feteleza chaka chino tingomvera kwa anzathu. Masabata atatu tsopano intaneti ikuyenda ngati bilimankhwe. Dzina limodzi likumatha ola lathunthu. Ndiye ife tafufuza. Madzulo alionse pakhonde pano pakumadzaza anthu ndi mafoni awo, mlonda wathu ali pakatikati, akukukuta mtedza ndi chinangwa zimene akumamupatsa. Kodi munthu amalandira mtedza waulere tsiku ndi tsiku?"

"Ayi!" anayankha anthu.

"Ndiye inu tikonzereni makinawa. Koma uyu, likamalowa dzuwa, akhale atatulutsa katundu wake m'nyumba ya bungwe."

"Nanga mayi odwalawo apita nawo kuti?" anafunsa Ezeliya.

"Akadaganiza zimenezo asanayambe bizinesi."

"Ndikapeza kuti si iwo?"

A Tcheya anamwetulira pang'ono. "Kapezeni."

* * *

Intaneti ya ofesi inkatuluka m'kabokosi koyera kamene amati rauta, kokhala pa shelefu pamwamba pa tebulo la Dorcas. Ezeliya anayamba ndi mankhwala amene ankayambira pa chipangizo chilichonse chodwala: anakazimitsa, anawerenga mpaka makumi atatu, n'kukayatsanso. Timagetsi tinaphethiraphethira, kenako tinakhazikika. Dorcas anatumiza dzina limodzi. Kagudumu ka pa kompyuta kanayamba kuzungulira, kanazungulira, kanazungulirabe.

"Bandulo ilipo?"

"Bungwe linaika ya mwezi wonse. Uthenga wake ndi uwu."

Ezeliya anazula zingwe chimodzichimodzi, kuziuzira fumbi, kuzibwezera. Palibe chinasintha. Analumikiza foni yake kuti aone ngati vuto linali kompyuta, koma foniyo nayonso inkangokwawa. Ndiye anatembenuza rauta, anawerenga manambala olembedwa kunsi kwake, n'kulowa m'kati mwa makonzedwe ake kudzera pa kompyuta. Anatsegula tsamba losonyeza mafoni onse amene akumwa pa chitsime chimenecho, ndipo anagwira pakamwa.

Analipo makumi asanu ndi limodzi kudza anayi. Ambiri ankawadziwa ngati mmene mzamba amadziwira ana a m'mudzi, poti onse anadutsapo m'manja mwake. Iyi inali ya mkulu wa pachigayo. Iyi ya mlaliki. Iyi ya mphunzitsi wamkulu, ya galasi losweka ija. Iyi ya mayi a kunyumba kwa a Tcheya enieniwo. Pambali pa foni iliyonse panali tsiku limene inalowa koyamba, ndipo pafupifupi onse analowa tsiku limodzi: Loweruka pa 4 Okutobala, masana.

"Dorcas, pa 4 kunachitika chiyani kuno? Ine sabata imeneyo ndinali ku Kasiya, mng'ono wanga ankachira."

Dorcas anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale. "Ine Loweruka sindigwira ntchito, asisi."

"Pasiwedi amaidziwa ndani?"

"Ine. Inalembedwanso m'buku la m'kabati."

"Kiyi wa kabati amasunga ndani?"

"A Rodwell amasunga wa pakhomo yekha."

"Sindinafunse wa pakhomo."

"Asisi, ntchito ino ndinaipeza movutika," ananong'ona Dorcas, maso ali pansi. "Musandifunse zambiri, chonde."

Ezeliya sanamukakamize. Anasintha pasiwedi, n'kuika ina yaitali ngati dzina la mankhwala a ku chipatala. Posakhalitsa kunja kunamveka kung'ung'udza. Anasuzumira pazenera. Anthu omwe aja ankakuwa kuti "ayi" anali atasolola mafoni m'matumba, wina akuigwedeza, wina akuikweza m'mwamba, wina akuyang'ana mnzake mwakabisira. Zinamupsetsa mtima, komanso zinamupatsa chiyembekezo.

"Tumiza tsopano."

Dorcas anatumiza. Kagudumu kanazungulira. Mphindi imodzi, ziwiri, zisanu. Ezeliya anabwerera ku tsamba la rauta n'kuyang'ana timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki yochokera kunja. Pa timizere tisanu panayaka kamodzi kokha, nakonso kofiira. Anthu onse aja anali atawathamangitsa, koma matenda anali pomwepo, ndipo nthawi inali itadutsa kale teni koloko.

* * *

A Rodwell anali atawalola kupita kukamwetsa mkazi wawo phala. Ezeliya anawapeza pakhomo pa kanyumba kawo akutsuka kapu. M'kati munali mutamangidwa kale mitolo iwiri ya zovala.

"Bambo Rodwell, mwayamba kale kumanga? Mlandu sunathe."

"Mwanawe, ine ndinasamutsidwapo kanayi pa maesiteti. Ndimadziwa kuti akati dzuwa likamalowa, sanena mawa."

"Tandiuzani zoona. Nambala yachinsinsi ya intaneti munapatsako munthu?"

"Nambala yake iti? Ine foni yanga ndi iyi." Anatulutsa kafoni ka mabatani komangidwa ndi mphira. "Intanetiyo ngakhale itandidutsa pa msewu sindingaizindikire."

"Loweruka la pa 4 munali kuti?"

Anawerenga pa zala. "Ndinali ku chipatala ku Kabudula ndi mayiwa. Tinalowa Lachinayi, tinatuluka Lachiwiri. Kiyi ndinasiya kwa a Tcheya. Buku la kuchipatala lilipo, madeti anadindamo."

Ezeliya anatambasula dzanja. Anatenga bukulo, anaona zidindo, analibweza. Umboni unali woyera ngati ufa, koma ankadziwa kuti pakhonde paja palibe amene akanafuna kuuwerenga.

"Nanga anthu amene amabwera madzulo aja, amadzatani?"

A Rodwell anaika kapu pansi. Kenako anaseka kaphwete kopanda chimwemwe.

"N'zimene ndikuziganiza chiyambire m'mawa. Titangobwerako ku chipatala ndinaona anthu ayamba kufika. Wina ndi mtedza, wina ndi chinangwa chootcha. 'Agogo, mwaswera bwanji? Amayi ali bwanji?' N'kukhala pansi, maso pa foni. Ine zaka makumi awiri ndili pano, palibe anakhalapo nane pakhonde. Ndiye ndinawauza mayiwa kuti, mwaona, matenda anuwa atipezetsa abale." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ndimayesa amabwerera ine, mwanawe."

Ezeliya anachoka msanga kuti mkuluyo asamuone akulira.

* * *

Pa Chakhwima nkhani yobisika inkapezeka pa tiyirumu ya mayi Faness, yaulere, bola ugule sikono. Mayiwo anali munthu wa thupi, wa mawu omveka mpaka kuchigayo, ndipo ankayankha funso usanalimalize.

"Pa 4? Iwe mwana, ukufunsa tsiku limene tinaika mlongo wawo wa a Tcheya? Eti unali ku Kasiya, unachita kubwera kudzapepesa pambuyo. Maliro ake! Anthu ngati nyerere. Ine ndinaphika mpaka msana kukana. Ndiye paja ana a malemu awiri ali ku Joni, mapepala alibe, akanabwera sakanabwereranso. Analira pa foni anyamata aja, kulira kogwetsa mtima. Ndiye a Tcheya, monga mwini mbumba, anati ana a mlongo wanga aone mayi awo akutuluka m'nyumba."

"Anaona bwanji?"

"Pa vidiyo, nanga si nyumba ya siwa ili kuseri kwa ofesi komweku? Anatsegula ofesi, anatenga buku, mkamwini wawo Duncan n'kulemba nambala ija pa katoni ndi khala, zilembo zikuluzikulu, n'kupachika pa mtengo wa mango. Aliyense wa foni akuonetsa abale ake, wina ku Joni, wina ku Mzuzu. Pa maliro sumana chinthu, mwana wanga. Mpando umabwereka, mbale umabwereka, nanga intaneti ndiye ndani?"

"Ndiye kuyambira tsiku limenelo mafoni onse amangolowa okha akayandikira ofesi."

"Yangayi ndiye imagwira ndili pompano, ndikangoima pa zenera ilo. Koma lero yazima, kaya walodza ndani."

"Mayi, onse akudziwa zimenezi, eti?"

"Ndani sakudziwa?"

"Ndiye tiyeni mukanene pakhonde paja. A Rodwell akuwatulutsa m'nyumba lero."

Pamenepo mawu a mayi Faness anatsika koyamba chibadwire. Anayang'ana kukhomo, n'kuyamba kupukuta tebulo louma.

"Ine? Ndikaime pagulu ndinene kuti namfedwa analakwa polira mlongo wake? Mwana iwe, ndikadzafa adzandiika ndani? Rodwell ndimamumvera chisoni, Mulungu akudziwa. Koma za pa maliro sitizengera mlandu. Ndipo a Tcheya anayesetsa, usawanene. Mpaka anamukweza Duncan padenga kuti intaneti ifike bwino kusiwa. Chithunzi chinkadukadukabe, koma bokosi analiona anyamata aja."

Ezeliya anasiya kutafuna sikono yake.

"Padenga? Anakwera padenga kukatani?"

* * *

Anabwerera n'kukaima kumbali kwa ofesi, dzanja lili pa chipumi kutchinga dzuwa. Pamwamba pa malata panali chitsulo chachitali, ndipo pansonga pake panali eriyo, chinthu choyera chonga mbale yodyera, chimene chimakoka netiweki kuchokera ku nsanja ya mafoni. Nsanjayo inkaoneka patali pa kaphiri, chakum'mawa. Koma eriyo inali itaifulatira. Inayang'ana kumadzulo, itaweramira pansi, molunjika pa bwalo la nyumba ya malemu mlongo wawo wa a Tcheya. Masabata atatu anthu ankadutsa pansi pake, iye yemwe ankadutsa, koma ndani amayenda maso ali kudenga?

Ezeliya anakamupeza Duncan kuseri kwa chigayo akumanga tayala la ngolo. Anali mwamuna wamtali, wofatsa, wa ku Nambuma, amene anakwatira mwana wa a Tcheya n'kukhala chikamwini. Zaka zisanu ndi chimodzi pamudzipo anali asanakwezepo mawu.

"A Duncan, eriyo ija munatembenuza ndinu?"

Sipanala inamugwa m'manja. "Ndani wanena?"

"Palibe. Ndaona ndekha."

"Asisi, ine ndinangotumidwa." Anatola sipanala n'kuyamba kuipukuta pa buluku. "Anandiuza kuti, paja chimkuzamawu cha ku tchalitchi timachilozetsa kumene kuli anthu, ndiye chinachonso chilozetse kusiwa kuti intaneti iwombe kumeneko. Inenso ndinaona ngati n'zomveka. Bawuti imodzi inathyoka, ndiye ndinamanga ndi mphira ya tayala."

"Chimene chija sichilankhula, a Duncan, chimamvera. Mwachitembenuzira khutu kumene kulibe mawu. Bwanji simunachibwezere maliro atatha?"

"Ndinaiwala. Nditakumbukira, nkhani ya a Rodwell inali itayamba kale kununkha. Ndikanakwera masana anthu akanafunsa."

"Tiyeni mukanene."

Duncan anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndikaneneze apongozi? Munda ndikulimawu ndi wawo, nyumba ili pa malo awo, ana anga ndi a mbumba yawo. Mkamwini asamakule mwendo, asisi. Makwerero ndikubwerekani, sipanala tengani iyi. Koma pakamwa panga musawerengere."

Nthawi inali itapitirira wani koloko. Ezeliya anali ndi zonse m'manja: tsiku, buku la kuchipatala, katoni, eriyo. Analibe munthu ngakhale mmodzi woima naye.

* * *

Anawapempha a Tcheya kuti alankhule nawo pambali. Anapita pansi pa mtengo wa kesha, kutali ndi makutu a anthu. Ezeliya anagwada, poti mwa njira ina sakanamumvera, ndipo anafotokoza zonse motsitsa mawu, osatchula amene anamuuza. Ankayembekeza kukalipiridwa. Koma a Tcheya anangokhala pa muzu wa mtengowo.

"Za eriyozo sindinkadziwa kuti n'zimene zaononga," anatero patapita nthawi. "Ndikulumbira. Za nambala ndinkaganizako, koma ndinkati anthu anaiwala kale. Ndiye nditaona gulu pakhonde madzulo, Rodwell ali pakati, mtima unati si ine, ndi uyu. Unafuna kuti akhale iyeyo." Anavula jekete n'kuliika pa miyendo. "Mlongo wanga anandilera, mayi Ezeliya. Ana ake akulira pa foni, ine kiyi ali m'thumba. Inu mukanatani?"

"Mwina ndikanachita zomwezo, bambo. Koma a Rodwell sanalakwe."

"Mukudziwa zimene tinasainira ndi bungwe? Makinawa sagwiridwa ndi munthu wamba, nambala siperekedwa kunja. Akangomva kuti wapampando yemwe ndiye anaswa lamulo, adzabwera kudzazula zonse. Kopaletivu ya pa Chakhwima idzathera pompo."

"Sindikuti muuze bungwe. Sindikuti muuze anthu. Mungonena kuti makina anali ndi vuto, mlonda alibe mlandu. Basi."

A Tcheya anayang'ana kanyumba ka kuseri kwa ofesi nthawi yaitali.

"Mayina akapita isanakwane folo, ndikanena choncho. Akhale. Nkhani ithere pansi pa mtengo uno."

Ezeliya anawomba m'manja katatu n'kudzuka. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anapuma mpweya wofika m'mimba.

* * *

Makwerero anawagwira a Rodwell okha, poti amuna ena onse mwadzidzidzi anali ndi misana yopweteka. Ezeliya anamanga chitenje pamwamba pa buluku n'kukwera. Malata ankawotcha ngati chiwaya, moti anayenda chokwawa, akutsata mzere wa misomali kuti denga lisabooke. Anadula mphira ija ndi mpeni, anamasula bawuti yotsala, n'kuyamba kutembenuza eriyo pang'onopang'ono kulozetsa kum'mawa.

"Dorcas! Timizere tingati?"

"Kamodzi!" anakuwa Dorcas pazenera.

Anatembenuzanso.

"Tiwiri! Tiwiri, asisi! Ayi, kabwereranso kamodzi!"

Anabweza pang'ono, anaidzutsa kuti isaweramire pansi, anatsinzina diso limodzi kuyang'ana nsanja ya pa kaphiri ngati mlenje. Thukuta linkalowa m'maso.

"Titatu! Tinayi! Musagwedezenso! Tabiriwira tonse!"

Anamanga bawuti, analimbitsa mbali inayo ndi waya, n'kutsika. Pamene ankalowa mu ofesi nthawi inali itangodutsa fili koloko, ndipo mayina ankapita ngati madzi a mu mpopi. Dorcas ankangodina, dzina n'kupita, kudina, dzina n'kupita. Pakhonde amayi anayamba nthungululu. A Tcheya anaima kumbuyo kwa mpando, jekete litabwerera pathupi, akugwedeza mutu ngati ntchito yonse agwira okha. Dzina lomaliza linapita kutatsala mphindi makumi awiri.

Kenako kompyuta inalira kamodzi, ndipo Dorcas anasiya kumwetulira.

"A Tcheya," anatero ndi mawu ang'ono. "Kalata ija yapita."

"Kalata iti?" anafunsa Ezeliya.

Ezeliya anasendera yekha n'kuwerenga. Inali kalata yopita ku bungwe, imene a Tcheya analembetsa Lachiwiri, yonena kuti mlonda Rodwell wagwidwa akugulitsa intaneti ya ofesi, komiti yamuchotsa, ndipo atumize wina. Masiku atatu inakanika kuchoka, inangokhala pa mzere kudikira. Intaneti itangodzuka, inali yoyamba kunyamuka, Ezeliya adakali padenga. Ndipo kulira kuja kunali kwa yankho. Abwana a ku tauni, amene anakhala pa kompyuta kudikira mayina, anayankha mwachangu chimene sanayankhepo n'kale lonse. Anathokoza komiti chifukwa cha tcheru. Mlonda watsopano adzafika Lolemba pa galimoto ya mbewu. Nyumba ikhale yosesa.

"Lembani ina," anatero Ezeliya. "Pompano. Intaneti ilipo, ipita nthawi yomweyo."

"Ndilembe kuti chiyani?" A Tcheya sanamuyang'ane. "Kuti ndinanama? Adzafunsa kuti nanga anaba ndani. Adzatumiza munthu wawo kudzaona m'makinamo, adzapeza zimene mwapeza inuzo."

"Munalonjeza, bambo."

"Ndinalonjeza za pakhonde. Izi zafika ku tauni." Anakonza kolala ya jekete. "Alimi mazana atatu, mayi Ezeliya. Muwaganizire."

Anatuluka, ndipo anthu anawalandira ndi m'manja. Dorcas anagwetsa mutu pa tebulo. Ezeliya anayang'ana timizere tija, tonse tobiriwira, ndipo analakalaka akanagwa padenga paja asanamange bawuti. Anaganiza zolemba yekha kalatayo, koma iye anali ndani ku bungwe? Wokonza mafoni wopanda chidindo, wopanda mboni, wotsutsana ndi mudzi wonse.

Anatulukira khomo la kuseri kuti asakumane ndi anthu. Kumeneko anapeza a Rodwell atatsitsa makwerero, akumasula mtolo umodzi wa zovala pakhomo pa kanyumba kawo. Atamuona anaimirira msanga, anavula chipewa, nkhope yonse ikuwala.

"Ndamva nthungululu, mwanawe. Zatheka, eti?"

"Zatheka, bambo."

"Ambuye akudalitse. Ndawauza kale mayiwa kuti sitikusamukanso." Anasuzumira m'nyumba. "Mayi, ndi uyu mwana ndimanena uja. Lowa, mwanawe, akufuna akugwire dzanja."

Ezeliya anavula nsapato pakhomo n'kulowa.